Ndinatula Mpando Kuti Ndikaweruze Dziko Lonse

Kuseri kwa chitseko cha kunyumba kwanga kuli msomali, ndipo pa msomalipo pali garavata yofiira, imene anzathu a ku Malawi amati tayi. Ili ndi banga la matope limene sopo wa mtundu uliwonse walephera kuchotsa, koma akazi anga amakana kuti ndiitaye. Akuti ikhale pomwepo kuti ndizionana nayo m'mawa uliwonse ndisanatuluke. Nkhani ya garavata imeneyi anthu a ku Insaca amaidziwa, kungoti aliyense amathiramo mchere wake, ena mpaka akuti ndinafika pa bwalo la ndege nkubwezedwa. Ndiye ndaona kuti kuli bwino ndiulule ndekha, manyaziwo ndiwamalize kamodzi.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi ndinali woweruza pa bwalo la milandu ya m'dera, limene kuno timati tiribunale. Musaganize za mikanjo yakuda ndi mabuku akuluakulu. Tinalipo atatu, tinkakhala m'kachipinda kena kuseri kwa msika Lachiwiri ndi Lachisanu, ndipo milandu yathu inali ya mbuzi zodya chinangwa cha eni, malire a minda, ndi abakha osowa. Ine ndinkakhala pakati, pa mpando wokhala ndi manja. Mipando ya anzanga inalibe manja. Wina angaone ngati nchinthu chachabe, koma ukakhala zaka zonsezo zigongono zili pamtendere, anthu akukutchula kuti Sinyoro Juizi, ndiye kuti Bwana Woweruza, ngakhale pogula tomato, mpandowo umakulowa m'magazi. (Ndivomere pano kuti milandu yovuta ndinkayamba ndaigoneka, nkukaifotokozera mai a Rozita, akazi anga. Iwo amagulitsa zitenje mumsika, zimene kuno timati makapulana, ndipo munthu wabodza amamudziwa asanatsegule nkomwe pakamwa. Ine ndinkati ndikungowachezetsa.)

Muyenera kudziwanso mmene timasankhira oweruza kuno, chifukwa tsoka langa linamera pamenepo. Ofuna mpando amaima pabwalo la mpira, aliyense atafulatira anthu. Kenako anthu amakandanda kumbuyo kwa amene akumufuna, mzere umene timati bisha. Lamulo ndi lakuti woimayo asacheuke mpaka owerenga atamaliza. Umangomva mapazi ndi kutsokomola, osadziwa ngati ndi anthu ako kapena a mnzako. Wa bisha yaitali ndiye wapambana. Ine ndinali nditapambana katatu, ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti dziko lonse lapansi limasankha oweruza chonchi, popeza njira ina yanzeru kuposa imeneyi sindinkaiona.

Tsiku lina masana ndikumata chubu cha njinga, wailesi ya ku Malawi, imene kuno imamveka ngati ili pakhonde, inanena kuti khoti lalikulu la ku Ulaya, loweruza milandu ya nkhondo ya maiko onse, likufuna oweruza atsopano. Maiko ankayenera kupereka maina, koma mainawo sanakwane, choncho nthawi yolandirira inali itawonjezedwa. Anati amafuna amuna ndi akazi omwe, ochokera mbali zonse za dziko, anthu a khalidwe labwino ndi ozolowera kuweruza.

Chubu ndinachisiya m'beseni. Chimene ndinamva poyamba chinali chisoni, osati dyera, ndikulumbira. Dziko lonse lapansi, ndi masukulu ake onse akuluakulu, kusowa oweruza, ine ndili pano ndikutha mphamvu pa abakha! Khalidwe ndinali nalo. Kuzolowera kuweruza ndiye musanene. Ndipo nkhondo sindinaiwerenge m'buku ayi, ndinaithawa ndi miyendo yangayi ndili mnyamata, nkukakhala ku Malawi zaka zisanu ndi chimodzi mpaka mtendere wa 1992 utabwera. Ndani kumeneko akanandiposa?

"Mai a Rozita, akundifuna ku Ulaya."

"Akukufunani ndani?"

"Dziko lonse. Maina sanakwane."

Iwo anapitiriza kupinda makapulana. "Anatchula dzina lanu pa wailesipo?"

"Akanalitchula bwanji pamene sindinalipereke? Vuto lake ndi lomwelo."

"Bambo a Rozita, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mpando muli nawo kale. Malizani kumata chubucho, mawa ndikufuna njingayo."

Ndinaona kuti imeneyi ndi nsanje chabe ya munthu amene sanafikeko ngakhale ku Lichinga. (Inenso sindinafikeko, koma imeneyo ndi nkhani ina.)

Choyamba chimene ndinachita ndicho chimene ndinayenera kumalizira. Ndinati mapanga awiri avumbwitsa, munthu sangakhale pa mipando iwiri, ndiye Lachisanu lotsatira ndinavala jekete ndi garavata yofiira ija, nkukatula udindo pamaso pa anthu. Palibe anandikakamiza. Anzanga awiri aja anandichonderera kuti ndidikire kaye yankho, ine ndinawauza kuti kukayikakayika ndi kwa anthu a maloto aang'ono. Ndinalankhula pafupifupi ola lathunthu. Pofuna kuonetsa kuti ndine munthu wotsogola, ndinadzudzulanso tiribunale yathu kuti mulibe mkazi ndi mmodzi yemwe. "Kumene ndikupitako," ndinatero ndikumenya pa tebulo, "salola kuti oweruza akhale amuna okhaokha!" Amai a mumsika amene anadzaza pakhomo anaimba nthungululu, ine nkumati akululutira ine. Anthu anagwirizana kuti chisankho chodzaza mpando wanga chidzachitike pakatha mwezi, ndipo potuluka mpandowo ndinausisita ngati ndikutsanzikana ndi mwana. Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma tsiku limenelo sindinawakumbukire akuluakuluwo.

Kenako panabwera funso la bisha. Ndikakaima pabwalo ku Ulaya, kumbuyo kwanga kukaima ndani? Azungu sandidziwa. Kunyamula anthu a ku Insaca sikukanatheka, chifukwa minibasi imodzi, imene kuno timati shapa, imalowa anthu makumi awiri okha ngakhale wokweza anthu atakhala waluso chotani. Ndiye nzeru inandibwerera yakuti bisha yanga ndiijambulitse konkuno, chithunzicho ndikapereke pamodzi ndi kalata. Ndinamema anthu kuti tikumane Loweruka m'mawa pabwalo la mpira. Anabwera asanu ndi mmodzi, ndipo awiri mwa iwo ankangodutsa popita ku mjigo. Chithunzi cha anthu asanu ndi mmodzi sungapite nacho ku Ulaya.

Tikubwerera ndi wojambula amene ndinamuitana tinadutsa pa chigayo. Chinali chitangokonzedwa patapita masiku angapo chili chiwonongekere, ndipo mzere wa amai a madengu a chimanga ndi makaka unafika mpaka kumsewu. Ndinati bisha yanga ndi imeneyi. Ndinakonza garavata, nkukaima kutsogolo kwenikweni, pakhomo la chigayo, nditawafulatira onse, manja kumbuyo monga mwa mwambo.

"Inu abambo, mwatulukira kuti?" anakuwa mai wina.

"Bisha ikuyambira uko!" anatero wina.

"Alibe ndi thumba lomwe! Mukufuna kugayitsa garavatayo?"

Sindinacheuke, chifukwa lamulo silola. Wojambula anajambula katatu nkuthawa. Pa chithunzi chimene chinatuluka bwino ine ndaima chilili ngati msilikali, nkhope ili mbuu ndi ufa wouluka pakhomo, ndipo kumbuyo kwanga amai osawerengeka akundiloza ndi zala, kukamwa kuli yasa. Ndinachiyang'anitsitsa nkuona kuti munthu wosadziwa Chinyanja adzangoti akundichemerera.

Apa nkuti mbiri itawanda kuti Sinyoro Juizi akukaweruza milandu ya nkhondo, ndipo anthu anayamba kubwera kunyumba ndi milandu yawo kuti ndipite nayo. Ndinagula kope la ana a sukulu, nkukhala pansi pa mtengo wa mango ngati kalaliki. Wina anakwirira makina osokera pothawa nkhondo, pobwerera anapeza dzenje lokha, ndipo mpaka lero amakayikira mlamu wake. Wina asilikali anamudyera nkhumba yaikazi, ndiye ankafuna nkhumbayo pamodzi ndi ana onse amene ikanaswa, zidzukulu zomwe. Wina mkazi wake anakwatiwa ndi mwamuna wina ku msasa wa othawa nkhondo, ndipo ananenetsa kuti mkaziyo sakumufuna, akungofuna bulangete limene anapita nalo. Zonsezi ndinkalemba ndikugwedeza mutu, nkumawauza kuti ku Ulaya zoterezi sachedwa nazo.

Tsiku lachinai kunabwera Che Bwanali, msodzi wachikulire wa ku Nyanja ya Chiuta amene amabweretsa nsomba zouma ku msika pa njinga. Anadikira mpaka onse atachoka. Anavula nsapato ngati akulowa mumzikiti, nkukhala pansi ngakhale ndinawapatsa mpando.

"Ine sindinataye katundu, Sinyoro Juizi," anatero. "Ndinataya mng'ono wanga, Yusufu. Anthu a mfuti anatipeza tikuyanika nsomba. Ine ndinabisala m'bango. Iye anamusenzetsa thumba, anati akalifikitsa pa mtsinje abwerera. Mpaka lero."

"Anali a mbali iti?"

"Sindinawafunse. Sindikufunanso kuti wina amangidwe, kuno tinakhululukirana kale. Ndikungofuna kumeneko akamve kuti kunali munthu dzina lake Yusufu. Manda alibe, chithunzi alibe, chiphaso analibe. Ine ndikafa ndiye kuti sanakhaleko. Mulemba?"

Ndinalemba. Anandiuza kuti ndilembenso kuti anali wamanzere, ndiponso kuti ankaopa achule, msodzi wathunthu. Nditamaliza anati ndiwawerengere. Ndinawerenga, anati ndibwereze. Pamenepo mpamene ndinayenera kuchita mantha ndi zimene ndinayambazi. M'malo mwake ndinawagwira dzanja nkulonjeza kuti ndikakafika, mlandu wa Yusufu ndi umene ndidzayambire.

Kuno pepala lopanda karimbu, chidindo cha boma, silisiyana ndi tsamba la nthochi. Ndiye Lolemba ndinapita ku ofesi ina ya boma ndi kalata yanga ya masamba anai, chithunzi, ndi kope. Ndinapeza Dona Selesite, mai wofatsa amene amalandira makalata. Anawerenga kalata yonse osaseka, Mulungu awadalitse. Chithunzi anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati akamwe kaye madzi, ndipo pobwera maso awo anali onyowa. Anatenga foni yawo nkuyamba kufufuza.

"Sinyoro Juizi, pano akuti dzina limaperekedwa ndi boma la dziko, osati mwini wake."

"Nchifukwa chake ndabwera ku boma."

"Akutinso munthuyo akhale woti angathe kukhala pa khoti lalikulu kwambiri la dziko lake. Mapepala a sukulu ya malamulo muli nawo?"

"Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi pa mpando."

"Nanga Chingerezi kapena Chifalansa? Akuti chimodzi mwa ziwirizi muzichilankhula bwino."

"Chingerezi ndinachisiya ku Malawi, koma chikhoza kubwerera."

"Komanso kumeneko kulibe bisha. Amavota ndi nthumwi za maiko, pa pepala, mwachinsinsi."

Apa ndinaseka ndithu, poona kuti foni ikuwanamiza. "Mwachinsinsi? Nanga munthu adziwa bwanji amene akumuda?"

Dona Selesite anaika foni pa tebulo nkupinda manja. "Pali zinanso ziwiri, bambo. Dziko lathu silinalowe nawo m'gulu la khoti limeneli, choncho silingapereke dzina la munthu. Chachiwiri, khotili siliweruza zimene zinachitika lisanakhazikitsidwe. Nkhondo yathu inatha ilo lisanabadwe."

Munthu wanzeru akanathokoza, nkupita kukapepesa anzake, nkubwerera pa mpando usanazizire. Chachiwiricho ndinachimva bwino lomwe, ndipo chinandilasa chifukwa kope linali m'manja mwanga, koma ndinachikankhira pansi pa mtima. Ndinagwira choyambacho.

"Nanga Malawi?"

Anayang'ananso pa foni, monyinyirika. "Malawi ali momwemo."

"Purontu, nkhani yatha!" ndinatero, nkudzuka.

M'sutikesi mwanga ndinali ndikusungabe khadi limene tinkalandirira ufa ndi nandolo ku msasa wa othawa nkhondo. Linali ndi dzina langa, ndipo koposa zonse linali ndi chidindo. Ndinadzifunsa kuti dziko limene linandidyetsa zaka zisanu ndi chimodzi lingakane bwanji kungopereka dzina langa, chinthu chosadyedwa? Nditawauza mai a Rozita sanatsutse ngati kale, anangofunsa kuti kamba wa paulendo ndikufuna chinangwa kapena mbatata. Ulemu umenewo unayenera kundidabwitsa. Masiku amenewo amai a mumsika ankabweranso kawirikawiri kunyumba kudzaona makapulana, koma sindinaone ndi mmodzi yemwe akutuluka atagula.

Njira yachidule yopita ku Malawi ndi ya pa Chiuta, ndipo amene anadzipereka kundiolotsa anali Che Bwanali. Sindinawauze zimene Dona Selesite ananena. Tinanyamuka m'mawa pa bwato lawo la mtengo umodzi, ine nditavala jekete, garavata ndi nsapato zopolisha, mapepala ali m'thumba la mkati. Kope lija Che Bwanali anati asunga okha. Analikulunga m'pulasitiki nkulimangirira pamutu ndi mpira wa chubu, pamwamba pa kofia yawo.

Amene simuidziwa Chiuta, ndi nyanja yosazama, madzi pang'ono matope ambiri. Titayandikira tsidya linalo ndinaona anthu ali pa doko, ndipo ndinaganiza kuti woweruza wa dziko lonse sayenera kufika atanyonyomala ngati thumba la makaka. Ndinaimirira.

"Khalani pansi, Sinyoro Juizi."

"Ndikufuna andione."

"Akuonani, khalani pansi!"

Anandionadi. Bwato linapendekeka, ine ndinalowa chamutu, ndipo podzuka madzi anali m'chiuno, miyendo itatitimira m'matope mpaka m'maondo. Nsapato imodzi ikadali komweko. Che Bwanali nawonso anagwa, koma anavuuka manja onse awiri ali pamutu. Anayamba aona kaye kuti kope silinanyowe, kenako mpamene anabwera kudzandizula ine.

Pa dokopo panali mkulu wina wa yunifolomu woyang'anira anthu ooloka. Asodzi amangodutsa chifukwa amawadziwa onse, koma munthu wa jekete, nsapato imodzi, garavata ikuchucha, sakanamulekerera.

"Bambo, ndinu a dziko liti?"

"Zitengera," ndinatero. "Pa nkhani imene ndabwererayi, ndine wa konkuno."

Anandikhazika pa benchi. Ndinatulutsa mapepala anga. Kalata ya masamba anai ija inali itasanduka phala, koma khadi la ku msasa linapulumuka. Analitembenuza uku ndi uku.

"Ili ndi la ufa, bambo. Mwabwera kudzalandira ufa? Mwachedwa ndi zaka makumi atatu."

Ndinafotokoza zonse kuyambira pa wailesi. Anamvetsera mpaka pamapeto, nkuitana mnzake kuti ndibwereze. Mnzakeyo anaitana mai wogulitsa zitumbuwa, ndinabwerezanso. Kenako anapeza chithunzi chija.

"Awa ndi ndani?"

"Ondivotera."

"Nanga bwanji asenza madengu? Ndipo uyu wakweza lichero, akufuna kukumenyani nalo?"

"Ndi chisangalalo," ndinatero, koma mawu anali atayamba kundithawa.

Anandiuza mwaulemu kuti dziko lawo lili ndi oweruza ake ophunzira, ndipo likafuna kupereka dzina silidikira munthu wotuluka m'madzi. Ndinakhala pa benchi paja mpaka dzuwa litapendeka, matope akuuma nkumasweka pathupi. Zaka khumi ndi chimodzi ndinkakhazika anthu pa benchi osadziwa kuti limapweteka chonchi. Anandimasula Che Bwanali atalumbira kuti si ine wamisala, ngakhale mkulu uja sanaoneke wokhutira. Potsanzikana anandipatsa patapata imodzi yakale kuti phazi linalo lisachite manyazi.

Pobwerera ndinakhala pansi osauzidwa. Tili pakati pa nyanja ndinalephera kupirira.

"Che Bwanali, ndakunamizani. Ku Ulaya sindipita. Ngakhale ndikanapita, mlandu wa Yusufu sakanaumva. Akuti nkhondo yathu ndi yakale, khoti lawo linabwera pambuyo. Ndinadziwa Lolemba, koma sindinakuuzeni chifukwa ndinkafuna mundiolotse."

Iwo anapitiriza kupalasa. Ndinayembekeza kuti anditukwana kapena andigwetseranso m'madzi, ndipo zikanatero mtima ukanandipepuka. Koma anangopalasa mpaka tinafika. Pa doko anamasula kope pamutu, nkundipatsa ndi manja awiri, nkupita kukamanga bwato lawo. Manyazi a matope aja anali aang'ono poyerekeza ndi amenewa.

Ku Insaca ndinapeza mbiri itafika kale. (Nsomba za ku Chiuta zimabwera pa njinga, ndipo nkhani imakwera pomwepo osalipira.) Ndinadzitsekera m'nyumba sabata yathunthu ndikuti ndadwala malungo. Koma mpando unkandiwawa. Lachisanu ndinkamva anthu akudutsa kupita ku tiribunale, zigongono zanga nkumasowa pokhala. Tsiku lachisankho litakwana ndinadzilimbitsa mtima kuti anthu amene ndawaweruza bwino zaka zonsezi sangandiiwale chifukwa cha nsapato imodzi. Ndinavalanso garavata, ndi banga lake lomwelo, nkupita kukaima.

Pabwalo la mpira ofuna mpando tinali atatu. Panali ine, panali mphunzitsi wina wopuma pa ntchito, ndipo wachitatu atafika pambali panga ndinaona nsalu imene ndinagula ndekha.

"Mai a Rozita, mwasochera? Ovota akuima uko."

"Sindinasochere. Munanena nokha kuti tiribunale ilibe mkazi. Amai a mumsika anamva, apereka dzina langa."

"Osandiuza ine?"

"Munali ku Ulaya."

Tinafulatira, mapazi nkuyamba. Ndinamva chikhamu cha anthu, kuseka, makanda akulira, fumbi likukwera, koma phokoso lonselo linkakhotera kumanja kwanga kumene kunaima akazi anga. Ndinatchera khutu kumbuyo kwanga, kunali zii. Ndinayamba kukumbukira anthu amene ndinawapambanitsa milandu. Wa abakha uja ali kuti? Wa malire uja bwanji? Kenako ndinazindikira kuti pa mlandu uliwonse pamakhalanso wogonja, ndipo amai a pa chigayo aja nawonso amavota. Khosi langa linkafuna kucheuka lokha, koma ndinati ngakhale ndataya zonse, lamulo lokha ndilisunge. Patapita nthawi ndinamva munthu mmodzi akutsokomola pafupi ndi msana wanga, ndi kafungo ka nsomba zouma.

Atatilola kucheuka, bisha ya mai a Rozita inali itazungulira golo nkubwereranso. Mphunzitsi anali ndi abale ake. Kumbuyo kwanga kunali Che Bwanali okha, atavala kofia yoyera ya ku mzikiti, njinga ataigoneka pa udzu. Owerenga anabwera, anawayang'ana, nkunena kuti voti yawo siwerengedwa chifukwa si a dera lino. Choncho m'mbiri ya tiribunale yathu ndine munthu yekhayo amene anapeza anthu ochepa kuposa mmodzi.

"Che Bwanali, mwaimiranji pano? Ndinakunamizani ine."

"Munandinamiza, eya," anatero. "Koma zaka zonsezi palibe anandikhazika pansi nkulemba dzina la mwana uja. Inu munalemba, ndi za achule zomwe. Kope lija mulisunge bwino."

Ndinalira pamaso pa anthu onse, ndipo ambiri anaganiza kuti ndikulirira mpando. (Pang'ono ndinkauliriradi.)

Lero mai a Rozita ndiwo amakhala pa mpando wa manja, ndipo pogula tomato anthu amanditchula kuti amuna a Juizi. Milandu imatha msanga masiku ano, chifukwa iwo saigoneka kuti akafunse munthu kunyumba. Ine anandipatsa ntchito yolemba, pa kampando kopanda manja pakona. Kope lija linadzaza, ndinagula lachiwiri. Lachisanu tikaweruka pamabwera munthu mmodzi kapena awiri kudzalembetsa dzina la mbale wake amene sanabwerere. Sindiwalonjeza kanthu, ndimangolemba nkuwawerengera, ndipo akati ndibwereze ndimabwereza. Wa nkhumba uja nayenso amabwerabe kudzafunsa pamene mlandu wake wafika.

Ndaphunzira kuti safunsa anadya phula, ndiponso kuti m'bwato la mtengo umodzi saimirira. Kungoti wailesi ija inanenanso kuti zisankho za ku Ulaya zimachitika zaka zitatu zilizonse, ndipo Chingerezi changa chayamba kubwerera pang'onopang'ono. Dzulo ndinawauza mai a Rozita zimenezi. Anangodzuka nkukankha chitseko kuti ndione garavata.